Khoti la Apantchito ndi Munthu Wopanda Loya

Ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23, ku Chinsapo kapena ku Mgona, munthu akabwerako kuntchito dzuwa lili pamutu n'kunena kuti bwana wamuuza asadzapondekonso, malangizo oyamba amene anansi amamupatsa ndi akuti apite kuleba. Mawu amenewa aliyense amawadziwa, kuyambira mlonda wa pageti ku Area 10 mpaka mayi wosankha fodya ku Kanengo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ofesi ya leba ndi poyambira chabe. Kupitirira pamenepo kuli bwalo lamilandu lokhala ndi mphamvu zogamula, lotchedwa Industrial Relations Court, limene muno tizilitcha khoti la apantchito. Mbiri yake ndi yaifupi, koma ndi yofunika kuidziwa chifukwa ikuonetsa zimene dziko lino linalonjeza wantchito wosauka, ndi mmene lonjezolo lakhala likufookera m'kupita kwa zaka. Amene analikonza ankafuna bwalo loti munthu wopanda loya, wopanda ndalama, wosadziwa Chingerezi chakuya, athe kulowamo yekha n'kumvedwa. Ine ndikuona kuti thandizo la zamalamulo limene wantchito wa kwa Tsabango akulisowa kwambiri lero silidzabwera ndi kuchuluka kwa maloya kokha. Lidzabwera khotili likabwerera ku cholinga chake choyamba, ndiponso njira zotsika mtengo zomufikitsa munthu kumeneko zikalimbikitsidwa.

Kukula kwa lonjezolo kumaoneka bwino tikakumbukira kumene tachokera. M'nthawi ya atsamunda wantchito wachikuda analibe pokadandaula pomveka. Thangata wa m'maesiteti a kum'mwera, amene anali chimodzi mwa zinthu zimene zinamuwawa John Chilembwe mpaka kuukira mu 1915, ankakakamiza munthu kulima m'munda wa mzungu pofuna kuti asathamangitsidwe pamalo amene anamangapo nyumba yake. Mabungwe a apantchito anayamba kuoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, makamaka pakati pa ogwira ntchito zamtengatenga, ndipo anathandiza nawo pa nkhondo yofuna ufulu wodzilamulira. Ufuluwo utabwera mu 1964, boma la Dr Kamuzu Banda silinafune kuti pakhale mphamvu ina yodziimira payokha. Posakhalitsa likulu la mabungwewa linaikidwa pansi pa chipani cha Malawi Congress Party, ndipo atsogoleri amene anakana kugonja anatsekeredwa kapena anathawira kunja. M'makhoti munkagwira ntchito lamulo lotengera ku England, loti bwana atha kuchotsa munthu popanda kutchula chifukwa chilichonse, bola wapereka notisi kapena malipiro a notisiyo. Chodabwitsa n'chakuti mu 1986 Malawi inavomereza pangano nambala 158 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, limene limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka. Panganolo linasainidwa, koma kalaliki wa ku Capital Hill kapena wonyamula mabelo a fodya ku Kanengo sanaone kusintha kulikonse, pakuti panalibe lamulo la m'dziko kapena bwalo loti akatengereko dandaulo lake.

Nthawi yomweyo Lilongwe inkakula. Likulu la dziko litasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975, anthu anakhamukira mumzindawu kudzamanga, kudzalondera, kudzaphika ndi kudzagwira m'mafakitale, ndipo madera a kwa Tsabango ndi ena ozungulira anadzaza ndi anthu odalira malipiro a pamwezi kapena ganyu wa tsiku. Mkwiyo wa anthu otere, kuno ndi ku Blantyre, ndi umene unaphulika mu 1992. M'mwezi wa March chaka chimenecho maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula boma, ndipo mwa zina anatchula kuchepa kwa malipiro. Pa 6 April, Chakufwa Chihana, amene anali mlembi wamkulu wa bungwe logwirizanitsa mabungwe a apantchito kum'mwera kwa Africa la SATUCC, anamangidwa atangotsika ndege pabwalo la Kamuzu kuno ku Lilongwe. Kumayambiriro kwa May, ogwira ntchito pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, kunyanyalako kunafalikira mpaka ku Lilongwe, ndipo anthu ambiri anafa atawomberedwa ndi apolisi. Tikamakamba za riferendamu ya 1993 timakonda kutchula andale ndi atsogoleri a mipingo, koma apantchito analipira ndi magazi awo, ndipo zimene zinalembedwa m'malamulo pambuyo pake sinali mphatso yochokera kwa munthu wachifundo.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anaika zinthu ziwiri zimene kunalibe kale. Gawo 31 linati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi mwachilungamo, wolandira malipiro oyenera, ndi wolowa bungwe la apantchito. Gawo 110 linakhazikitsa khoti la apantchito, lokhala pansi pa High Court, loti liziyamba kumva mikangano yonse ya pantchito. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 linafotokoza mmene khotili lidzakhalire, ndipo linayamba kumva milandu cha mu 1999, malamulo a kayendetsedwe kake atatuluka. Mmene linapangidwira ndi mmene pali nzeru yonse. Mlandu sunkamvedwa ndi woweruza yekha: pambali pa wapampando pankakhala munthu mmodzi wochokera ku mbali ya olemba ntchito ndi wina wochokera ku mbali ya apantchito, osankhidwa kudzera m'mabungwe awo monga ECAM ya olemba ntchito ndi Malawi Congress of Trade Unions (MCTU) ya apantchito, imene inali itangodzukanso mu 1995. Khotili silinamangidwe ndi malamulo okhwima a umboni amene amagwetsa munthu wamba m'makhoti ena. Wodandaula ankatha kudzilankhulira yekha kapena kuimiriridwa ndi mkulu wa bungwe lake, ndipo loya ankalowa pokhapokha khoti litamuloleza. Wogonja sankalamulidwa kulipira ndalama zimene mnzake wawononga pa mlanduwo, kupatula ngati wabweretsa nkhani yopanda pake kapena wanyozera zokambirana. Apilo inkaloledwa pa mfundo za malamulo zokha. Chilichonse mwa zimenezi chinaikidwa pofuna kuchotsa mantha amene amamubweza wosauka asanafike n'komwe pakhomo la khoti.

Koma bwalo lopanda lamulo lamphamvu loti lizigwiritsa ntchito silikanathandiza kwenikweni, ndipo lamulolo linabwera mu 2000, lotchedwa Employment Act. Gawo 57 la lamuloli limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chenicheni chokhudza luso lake, khalidwe lake, kapena zosowa za kampani, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena luso, ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Limatchulanso zifukwa zimene siziloledwa konse: mtundu wa munthu, chipembedzo, maganizo andale, kukhala mkazi kapena mwamuna, kulumala, udindo wa pabanja, kulowa bungwe la apantchito, kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda, kapena kukasuma bwana. Gawo 60 limateteza ngakhale amene wasiya yekha ntchito chifukwa bwana wamuzunza mpaka kulephera kupirira. Komabe gawo limene ine ndimaliona ngati thandizo lalikulu kuposa onse amene wantchito wa m'dziko lino analandirapo ndi gawo 61. Limati pa mlandu wochotsedwa ntchito, ndi bwana amene ayenera kupereka chifukwa, ndipo akalephera, khoti lizitenga kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo. Tangoganizani tanthauzo lake kwa mayi wa ku Biwi amene wachotsedwa pasitolo ya ku Area 2 atamunamizira kuti ndalama zasowa. Mabuku ali ndi bwana, makiyi ali ndi bwana, anzake onse a pantchito akuopa kutaya ntchito zawo akamuchitira umboni. Lamulo likanati iye ndiye aonetse kuti sanabe, sakanatha. Poika mtolowo pamutu pa amene ali ndi mapepala, lamuloli linachita ntchito imene maloya ambiri sakanaichita.

M'zaka zoyambirira khotili linaonetsa kuti limadziwa chimene linabadwira. Oweruza amene analitsogolera nthawi imeneyo, monga Charles Mkandawire ndi Rachel Zibelu Banda, amene pambuyo pake anadziwika kuti Rachel Sikwese, analemba zigamulo zambiri zofotokoza zinthu zimene lero timazitenga ngati zodziwikiratu: kuti kumva mbali ya wantchito sikutanthauza kumuitana mu ofesi n'kumupatsa kalata yolembedwa kale, kuti ayenera kuuzidwa mlandu wake nthawi ikadalipo, kuti chilango chiyenera kulingana ndi cholakwa. Mu 2005 khotili linagamula mlandu wa mayi wina amene anachotsedwa ntchito atangopezeka ndi kachilombo ka HIV, ngakhale kuti sankadwala ndipo ankagwira ntchito yake bwinobwino. Linati kumeneko kunali kusala koletsedwa ndi malamulo oyendetsera dziko. Chigamulocho chinabwera nthawi imene mabanja ambiri ankabisabe matendawa, zaka zoposa khumi Nyumba ya Malamulo isanakhazikitse lamulo lapadera la HIV ndi Edzi. Mayi Sikwese analembanso buku lofotokoza malamulo a ntchito m'Malawi, anadzakhala woweruza wa High Court, ndipo mu 2019 anasankhidwa kukhala woweruza m'bwalo la United Nations lomva madandaulo a ogwira ntchito m'bungwelo. Izi zikuonetsa kuti kabwalo kakang'ono kameneka, kokhala ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kanakulitsa luso loti dziko linganyadire.

Tsono tiyeni titsate njira imene munthu wa ku Chinsapo amayenda lero akachotsedwa ntchito, chifukwa m'njiramo ndi mmene lonjezo limayamba kutayikira. Lamulo limamupatsa miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule kwa mkulu wa leba wa m'boma lake. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo pa milandu ya kumudzi n'zoona, koma pa nkhani ya ntchito mwambiwu wapweteketsa ambiri. Munthu amayamba wadikira kuti mwina bwana mtima ukhala pansi, amatuma wachibale kukapepesa, amathamangira ganyu kuti ana adye, ndipo pamene akuganiza zopita kuleba nthawi yatha kapena mboni zabalalika. Akafika nthawi yabwino, mkulu wa leba amaitana bwana kuti akambirane. Nkhani zambiri zimathera pomwepa, ndipo n'zabwino kuti zitero, chifukwa wantchito amalandira kenakake msanga popanda kulipira. Vuto n'lakuti mkulu wa lebayo ntchito yake pa nkhani yotere ndi kuyanjanitsa, sagamula, ndipo bwana wodziwa zimenezi amangonyozera kalata yoitanidwa. Maofesi a leba akhala akudandaula kwa zaka zambiri za kuchepa kwa antchito, magalimoto ndi mafuta, pomwe kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe mokha. Zikakanika pakatha mwezi, nkhani imatumizidwa kukhoti, kumene wodandaula amalemba fomu yofotokoza dandaulo lake, bwana amayankha, ndipo awiriwo amayamba akumana pamaso pa mlembi wa khoti kuti aone zimene akugwirizana ndi zimene zatsala kuti ziweruzidwe. Mafomuwo ali m'Chingerezi, zolemba za khoti zili m'Chingerezi, ndipo ngakhale womasulira amakhalapo pomva mlandu, munthu amene sukulu analekezera ku pulayimale amayamba kale kudziona ngati mlendo.

Chimene chinalifooketsa kwambiri khotili ndi kuchedwa kwa milandu. Kwa zaka zambiri milandu inkaimitsidwa chifukwa mmodzi mwa oimira mbali ziwiri aja sanabwere. Anthuwa anali ndi ntchito zawo kwina, ndalama zowalipirira kubwera kwawo zinkavuta, ndipo nthawi zina nyengo yawo inkatha ena asanasankhidwe. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la 1996 n'kuwachotsa, kotero kuti tsopano wapampando kapena wachiwiri wake amamva mlandu yekha. Kusintha komweko kunapatsa olemba ntchito mphamvu yodula malipiro a onyanyala ntchito akapitirira masiku atatu pachaka, ndipo MCTU inatsutsa mwamphamvu. Amene amaikira kumbuyo kuchotsedwa kwa oimirawo ali ndi mfundo yolemera: kodi woimira apantchito amene sabwera amamuthandiza chiyani wantchito amene wakwera minibasi kuchokera ku Area 25 kachisanu n'kuuzidwa kuti abwerenso mwezi wa mawa? Mfundoyi sindingaikane. Koma tinene zoona, chimene chinalephera sichinali nzeru yokhala ndi oimira mbali zonse. Boma ndi limene linalephera kuwasankha pa nthawi yake ndi kuwalipira. Ndipo china chake chinatayika. Munthu amene anagwirapo m'fakitale amadziwa kuti mawu oti "wasiya yekha" nthawi zambiri amabisa chiyani, amadziwa mmene kapitawo amagawira ovataimu mokondera, amadziwa kuti kalata ya chenjezo itha kulembedwa lero n'kuikidwa deti la chaka chatha. Woweruza wophunzira bwino atha kuzitulukira zimenezi, koma amazipeza movutikira. Popeza oimirawo anachoka pampando woweruzira, m'pofunika kwambiri kuti nzeru yawo ilowe kudzera pakhomo lina, poimirira wodandaula.

Kuchedwa kumapweteka mbali imodzi yokha, ndipo masamu ake ndi osavuta. Gawo 63 limati wochotsedwa mopanda chilungamo atha kubwezeretsedwa pantchito kapena kupatsidwa chipukutamisozi, ndipo limaika malire a pansi: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira zisanu, masabata awiri kwa wa zaka zofika khumi, masabata atatu kwa wa zaka zofika 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa wopitirira pamenepo. Tiyerekeze mlonda wolandira K90,000 pamwezi, malipiro otsikitsitsa amene boma linaika mu 2024, ndipo wagwira zaka zinayi. Chipukutamisozi chotsikitsitsa ndi malipiro a masabata anayi. Kuwonjezera ndalama yolekanirana, imene pa zaka zisanu zoyamba ndi masabata awiri pachaka, ndi mwezi umodzi wa notisi, zonse pamodzi sizifika K400,000. Khoti limatha kupereka zoposa apa likaona mmene munthu wavutikira, koma poyambira ndi pamenepo. Tsono ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anachotsedwa mu 2021, malipiro otsikitsitsa ali K50,000, n'kudikira zaka zitatu, analandira ndalama yogula theka kapena kuchepera apo la zimene ikanagula tsiku limene anachotsedwa. Oweruza ayesa kuwonjezerako poganizira kugwa kwa ndalama, koma lendi imene inamuthamangitsa m'nyumba ndi teremu imene mwana anakhala pakhomo sizibwezedwa. Kwa kampani, chaka chilichonse chochedwa ndi phindu.

Masamu omwewa akutiuza chifukwa chake maloya okha sangathetse vutoli. M'kupita kwa nthawi maloya achuluka m'khoti la apantchito, ndipo makampani akuluakulu safika opanda wowaimirira. Milandu ya mamanijala a mabanki ndi akuluakulu a mabungwe a boma, yokhudza mamiliyoni ambiri, imakopa maloya odziwa ntchito ndipo ndi imene imatuluka m'nyuzipepala. Mlandu wa K400,000 palibe loya wa payekha amene angaugwire, makamaka poti lamulo loti wogonja asalipire zowonongedwa, limene linaikidwa pofuna kuteteza wosauka, limatanthauzanso kuti akapambana malipiro a loya achoka m'kandalama kake komweko. Apa m'pamene Legal Aid Bureau imayenera kulowa. Thandizo laulere la zamalamulo linalipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya unduna wa zachilungamo, koma lamulo la 2011 linalisandutsa bungwe loima palokha, limene linayamba ntchito mu 2015. Bungweli limathandiza pa milandu ya ntchito, ndipo wantchito wosauka ali ndi ufulu wonse wokagogoda pakhomo pake. Koma maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna, ndipo amasenzanso milandu ya kupha ndi ya anthu okhala m'ndende ya Maula osaweruzidwa. Palibe angawadzudzule akaika patsogolo munthu amene ufulu wake wonse uli pachiswe. Bungweli linapempha kuti othandizira maloya, anthu ophunzitsidwa malamulo koma osafika pa uloya, aziloledwa kuimirira anthu m'makhoti ang'onoang'ono, ndipo Malawi Law Society inakana ponena kuti wosauka nayenso ayenera loya weniweni, osati thandizo lotsika. Mawuwo ndi aulemu, ndipo nkhawa yoti munthu wosaphunzira mokwanira atha kuwononga mlandu ndi yoona. Koma mlonda wa ku Mgona sakusankha pakati pa loya ndi wothandizira loya. Akusankha pakati pa wothandizira loya ndi kuima yekha pamaso pa loya wa kampani. Ndipo m'khoti la apantchito funsoli linayankhidwa kale mu 1996, pamene lamulo linalola mkulu wa bungwe la apantchito, amene si loya, kuimirira membala wake.

Olemba ntchito nawo ali ndi dandaulo lawo, ndipo si onse amene ali ankhanza. Amati lamulo la 2000 linalembedwa poganizira makampani okhala ndi ofesi yoona za antchito, pomwe mwini golosale ku Kawale kapena mwini galaja ku Biwi alibe nthawi kapena luso loyendetsa bwalo la mwambo. Amati wantchito wakuba atha kupambana mlandu chabe chifukwa sanaitanidwe kudzayankha, ndipo zigamulo zina zikuluzikulu zimawopseza amalonda kuti asalembe anthu ntchito yokhazikika. Dandauloli liyenera kumvedwa, chifukwa dziko losowa ntchito ngati lathu silingasewere ndi amene amalemba anthu. Koma tiyang'ane zimene lamulo likupempha: uza munthu chimene walakwa, mupatse mpata ayankhe, ndipo chilango chilingane ndi cholakwa. Izi sizifuna loya kapena ofesi. Nyakwawa iliyonse kwa Tsabango imachita zimenezi pansi pa mtengo isanagamule mlandu wa mbuzi yolowa m'dimba la mwini. Ndiponso lamulo limalola khoti kuchepetsa chipukutamisozi ngati wantchito anathandizira yekha kuchotsedwa kwake, ndipo limalola kuchotsa munthu nthawi yomweyo pa zolakwa zazikulu. Bwana wachilungamo amapindulanso ndi khoti lachangu, pakuti mlandu wokhala zaka zinayi umamusiya iyenso osadziwa chimene adzalipire.

Pali ena amene amati zonsezi n'zokhudza anthu ochepa. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 anapeza kuti anthu 89 pa 100 alionse ogwira ntchito m'Malawi ali pa ntchito zosalembetsedwa, zopanda kontirakiti, tchuthi kapena penshoni. Kodi khoti la apantchito lili ndi phindu lanji kwa mtsikana wogwira m'nyumba ku Area 47, kwa kondakitala wa minibasi, kwa wothandiza mmisiri pa chimango? Yankho lake ndi lakuti lamulo silinawasiye kunja anthu amenewa monga mmene iwo eni ndi mabwana awo amaganizira. Mgwirizano wa ntchito sufunika kukhala wolembedwa kuti ukhale woona. Wantchito wa m'nyumba ali ndi ufulu wa notisi, wa tsiku lopuma, wa tchuthi cha pachaka, wa masabata asanu ndi atatu a uchembere ndi malipiro onse, ndi wolandira zake zonse pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Chimene chimamuvuta ndi umboni, koma ngakhale apa zinthu zasintha: malipiro otumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba amasiya chizindikiro cha tsiku ndi kuchuluka kwake, mauthenga a pafoni amasungika, yunifolomu ndi chiphaso cha pageti ndi umboni. Chosowa ndi munthu womuuza zimenezi nthawi isanathe. Mabungwe monga CIAWU, imene imasonkhanitsanso antchito a m'nyumba, ndi MUFIS ya ochita ntchito zosalembetsedwa, ndi amene ali pafupi ndi anthu otere, koma amadalira masonkho a mamembala osauka. Ogwira ntchito ya nyengo ku Kanengo, amene amalembedwa msika wa fodya ukatsegulidwa n'kuuzidwa kuti apume ukatsekedwa, chaka ndi chaka, ali ndi mafunso ovuta okhudza kuwerengedwa kwa zaka zawo ndi penshoni yawo. Mafunso otere munthu payekha sangawalondole, koma bungwe lingathe, ndipo chigamulo chimodzi chingathandize mazana.

Makomo ena alipo, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe ake akhala akupita kwa Ombudsman, ofesi yokhazikitsidwanso ndi malamulo a 1994, imene salipiritsa. Amene akuvutitsidwa ndi bwana wofuna kugona naye ali ndi lamulo la Gender Equality Act la 2013, limene linaika khalidweli kukhala mlandu, ndipo Malawi Human Rights Commission inaonetsa mu 2021, pofufuza madandaulo a amayi ogwira ntchito ku wailesi ya boma ya MBC, kuti nkhani zotere zitha kufufuzidwa poyera ngakhale zikukhudza akuluakulu. Wovulala pantchito ali ndi lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, ndipo njira yake imayambiranso kuleba. Koma kwa wogwira ntchito kwa munthu wamba kapena pakampani, njira zonsezi zikakanika zimabwerera ku khoti la apantchito.

N'chifukwa chake zoyenera kuchita zili pafupi ndipo si zodula kwambiri. Ofesi ya leba ya Lilongwe ikhale ndi anthu ndi mafuta okwanira kuti kalata yoitana bwana izifika ndi kulemekezedwa, ndipo akuluakulu ake azikhala ndi masiku odziwika ofika ku Area 23, ku Chinsapo ndi ku Area 25 m'malo modikira kuti munthu wopanda ndalama ya minibasi awapeze m'tauni. Mafomu a khoti akhalepo m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Akuluakulu a mabungwe a apantchito ndi othandizira maloya a Legal Aid Bureau aphunzitsidwe mwapadera kuyendetsa milandu ya ntchito. Milandu ing'onoing'ono ikhale ndi mzere wakewake, kuti mlonda asamadikire kumbuyo kwa mkulu wa banki amene mlandu wake uli ndi mboni khumi ndi mafayilo odzaza tebulo. Chotsiriza ndi chimene chimachitika chigamulo chikatuluka, pakuti ambiri amaganiza kuti kupambana ndiye kulandira. Bwana wogonja atha kuchita apilo ku High Court pasanathe masiku 30 n'kupempha kuti kulipira kuyambe kwaima, ndipo kumeneko wantchito uja amakumana ndi zonse zimene khoti la apantchito linapangidwira kumupewetsa: maloya, malamulo okhwima, ndi mzere wina wautali. Ufulu wa apilo sungachotsedwe, chifukwa oweruza amalakwitsa ndipo bwana nayenso ndi nzika. Koma kuimitsa malipiro kuzichitika pokhapokha ndalama zogamulidwazo zitaikidwa m'manja mwa khoti, kapena gawo lina litaperekedwa kwa wantchito kuti azidyako podikira. Bwana amene akukhulupirira kuti apilo yake ili ndi mfundo sataya kanthu poika ndalamazo kukhoti, popeza akapambana zibwerera kwa iye, pomwe amene amachita apilo pongofuna kumutopetsa mnzake mpaka asiye yekha adzayamba waganiza kawiri.